Masau a Nangozo ndi Firiji ya Palafini

Kunyumba kwathu kuli kabati yoyera ya chitseko cholemera, ndipo alendo akafunsa chifukwa chake ili ndi nyale kunsi, ine ndimatuluka kukaona nkhuku. Mkazi wanga ndiye amatsala n'kumafotokoza, ndipo chaka chilichonse nkhaniyo imanka inenepa. Ndaganiza zoti ndiinene ndekha kuti mbali yanga imvekeko, ngakhale kuti mbali yangayo sindiimvetsa bwinobwino mpaka lero.

Nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi pa sukulu ina ya m'mbali mwa msewu wochokera ku Mangochi boma kupita ku Monkey Bay. Kwathu ndi ku Dedza, kumene madzi a mumtsuko amazizira okha osawapempha. Ku Mangochi ndinakapeza madzi akumwa ofunda ngati osambitsira khanda. Ndiye nditamva kuti mzungu wina wa m'nyumba za kugombe akubwerera kwawo ndipo akugulitsa katundu, ndinapitako ndi ndalama zimene ine ndi mkazi wanga Nangozo tinkasungira makina osokera. Makina osokerawo analipo, abwinobwino. Ine ndinabwerako ndi firiji, itakwera ngolo.

Magetsi kunalibe kwathuko, koma firijiyo inali yoyendera palafini. Kunsi kwake kunali kathanki ndi nyale, kumbuyo kunali mapaipi opiringizana ngati matumbo a mbuzi. Khukhi wa mzunguyo anandiuza kuti ndikayatsa nyaleyo, m'katimo muzizizira. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. (Ndinali nditaphunzitsa sayansi zaka zinayi, ndipo chaka chilichonse ndinkauza ana kuti moto umatentha. Amene akanalemba kuti umaziziritsa ndikanamupatsa ziro wa inki yofiira.)

Nangozo anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, mimba yoyamba. Anaizungulira firijiyo kamodzi, natsegula chitseko, natsekanso.

"Ndiye zovala za mwana tidzasokera pamenepa?" anafunsa.

"Inu simukuona patali," ndinatero. "Chinthu ichi chimasunga chakudya chaka chathunthu."

Kwa milungu iwiri chakudya ankandipatsa, madzi osamba ankandiikira, koma mawu ankachita kundipimira ngati mchere wopempha.

Kuseri kwa nyumba yathu kunali mtengo wa masau. Ku Dedza masau timangowaona pamsika ataumitsidwa kale, ndiye Nangozo atalawa aawisi ku Mangochi anawakonda koopsa, ndipo mimba ija inangowonjezera. M'mawa uliwonse ankaima pansi pa mtengowo kuyang'ana ngati ayamba kupsa. Tsoka lake, uthenga wa amayi ake woti apite akadikirire kwawo unafika masauwo akungoyamba kumene kusanduka achikasu. Tili pa siteji kudikira basi, anandilankhula mawu ambiri kuposa onse a milungu iwiri ija.

"Paja munati chimasunga chakudya chaka chathunthu?"

"Ndinatero."

"Mundisungire masau a mtengo uja. Aawisi, osati ouma. Ndikadzawapeza, za makina osokera sindidzazitchulanso moyo wanga wonse. Koma ndikadzapanda kuwapeza..."

Basi inafika, iye n'kukwera osamaliza. Akanamaliza bwenzi ndikudziwa chondidikira, koma chifukwa sanamalize ndinayamba kudzimalizira ndekha, tsiku lililonse mosiyana, ndipo masiku ena ndinkamaliza ndi iye kutsaliratu ku Dedza ndi mwana yemwe. Ndinkamukonda Nangozo, ndipo kundikwiyira kwake kunkandipweteka kuposa mmene ndinkaonetsera.

M'firijimo mzungu anali atasiyamo kabuku ka Chingerezi kofotokoza kasungidwe ka zakudya. Patsamba lina panali chithunzi cha tizipatso tofiira tozungulira, tamichira italiitali, totchedwa matcheri. Ine ndinali ndisanationepo. Ndinakaonetsa oyandikana nafe, a Abiti Jafali, mayi wachikulire amene mpanda wathu ndi wawo unali umodzi. Amuna awo, Che Amidu, ankakonza injini za maboti a asodzi.

Mayiwo anayang'ana chithunzicho ali chitambasulire dzanja. "Masau awa," anatero. "Kungoti a kwa azungu ngonenepa."

Mawu amenewo anandilimbitsa mtima. Ngati matcheri ndi masau onenepa, ndiye kuti malangizo a matcheri ndi malangizo a masau. Kabukuko kanati: tsukani, pukutani ziume, chotsani njere, yalani pa thireyi osaunjika, zikauma gwa ikani m'matumba.

Masau atapsa ndinagwedeza mtengo wonse mpaka minga inandilemba manja. Anadzaza dengu. Kutsuka ndinatsuka. Kupukuta ndinapukuta limodzilimodzi ndi thaulo lathu la alendo. Vuto linayambira pochotsa njere. Amene anadyapo masau akudziwa kuti sau ndi njere yovala khungu basi. Ndinatenga msomali n'kuyamba ntchito, ndipo pomwe dzuwa linkafika paliwombo ndinali ndi kapu yodzadza njere, mbale ya makoko ndi zala zoterera. Chimene ndinkayenera kusunga pa zitatuzi sindinachidziwe.

A Abiti Jafali anasuzumira pampanda. Pathandala lawo, pomwe nthawi zina ankayanikapo usipa, anali atayala masau awo padzuwa.

"Aphunzitsi, bwanji osangobwera nawo kuno ndikuyanikireni? Dzuwa ndi laulere."

"Zikomo mayi, koma kuyanika n'kwachikale," ndinawayankha. "Masiku ano zinthu timaumitsa ndi chisanu."

"Chisanu chochokera kuti?"

"Ku moto."

Anabwerera ku thandala lawo. Ine ndinasiya zochotsa njerezo, ndinaganiza kuti njere siiwononga kanthu poti inabadwira momwemo.

Kabuku kananenanso kuti firiji iime pamalo osapendekeka. Pansi pa nyumba yathu panali pozira ndi dothi, ndiye ndinaika mbale ya madzi pamwamba pa firiji kuti ndione kumene yapendekera, n'kutenga envelopu ina imene inali pawindo, kuipinda kanayi n'kuilowetsa kunsi kwa mwendo umodzi. (Envelopu imeneyi muikumbukire. Ine ndinaiiwala.)

Kenako ndinazindikira kuti malo oumitsira zinthu m'firijimo ndi kabokosi kakang'ono ka pamwamba, kolowa masau odzaza manja awiri basi. Ine ndinali ndi dengu. Ndinadzaza kabokosiko, otsalawo n'kuwathira m'mapoto, m'mbale, mu ketulo, ngakhale mu chipewa changa cha mlaza, n'kusanja m'mashelefu onse mpaka chitseko ndinachita kutseka ndi bondo. Maganizo anga anali oti chisanu chikadzaza m'kabokosi chidzasefukira pansi monga achitira madzi.

Kuti chisefukire msanga, ndinafuna kuchiwonjezera. Apa ndiye mutu unaima. Kodi ndikweze moto kapena nditsitse? Nzeru zanga za kusukulu zinkati nditsitse. Nzeru za khukhi zinkati ndikweze. Ndinakweza. Lawi limene linali lobiriwira linasanduka lachikasu, ndipo pobwera kuchokera kusukulu ndinapeza khoma lonse lili bii ndi mwaye. Ndinatsitsa, nyale n'kuzima. Ndinayatsanso n'kuika pakatikati, kenako ndinakhala pampando kuiyang'anira ngati wodwala.

Koma mverani izi. Tsiku lachitatu ndinatsegula kabokosi kaja n'kupeza masau ali gwa, atachita mbuu ndi chisanu, akulira ngati miyala ukawagwedeza. Ndinavina ndekha m'nyumba. Tsiku lomwelo ndinalemba kalata yopita ku Dedza: masau anu onse ali bwino, akukudikirani ali aawisi ngati athyoledwa lero. Za a m'mapoto ndi mu chipewa, amene anali ongozizira pang'ono, sindinazitchule. Ndinkati chisanu chikadali m'njira.

Mbiri inawanda. Aphunzitsi anzanga, asodzi, amayi opita kukatunga madzi, onse ankapatuka kudzaona bokosi lopanga chisanu ndi moto. Aliyense ndinkamutsegulira, aliyense ankapisamo dzanja, ena mutu umene. Panapita sabata ndisanawerenge tsamba lina la kabuku kaja, lonena kuti kutsegulatsegula kumathawitsa chisanu. Kuyambira pamenepo ndinalumbira kuti chitsekocho sichidzatsegulidwanso mpaka Nangozo adzabwere.

Zimenezi zinkachitika zaka zija nkhondo ya ku Mozambique inasokoneza njanji, mafuta n'kumasowa. Palafini wanga anatha, m'magolosale onse a kwathuko munalibe. Loweruka ndinamva kuti wafika pa sitolo ina ya mumsika wa ku boma, ndiye ndinamangirira chigubu panjinga n'kupalasa mtunda wonsewo dzuwa likuswa mtengo. Pachipata cha msika panali anyamata a chipani a malaya ofiira.

"Khadi, bambo."

Ndinapisa m'thumba la malaya, la thalauza, la kumbuyo, mpaka m'masokosi. Ndinawauza kuti ndine mphunzitsi, khadi la chipani ndinagula kumayambiriro kwa chaka, ndipo ndili ndi zipatso zimene zikufa kunyumba. Mmodzi anati zipatso si chipani. Zogula khadi lina sizikanatheka chifukwa ndikanatsala wopanda ya palafini, ndiye ndinabwerera ndi chigubu chikulira ndi mphepo. Kunyumba ndinasanthula sutikesi, mabuku, pansi pa mphasa, koma khadi osaoneka. Palafini anadzandigulira ndi Che Amidu Lachiwiri, firiji itakhala yozima masiku anayi m'nyengo imene kutentha kunali kutayamba.

Ndinayatsa nyale. Lawi linali labwino, lobiriwira ngati la m'buku. Ndinadikira tsiku lathunthu, n'kugwira chitseko kunja: chofunda. Tsiku lachiwiri: chofunda. Ndinaitana Che Amidu.

Iwo anagwada kumbuyo kwa firiji, kugogoda mapaipi ndi sipanala, kuika khutu.

"Pangali kandu, ambuje, palibe chovuta," anatero. "Mankhwala ake agona. Zoterezi timazitembenuza, miyendo m'mwamba, mutu pansi. Mankhwala adzuka okha."

"Kutembenuza firiji?"

"Walahi. Ya mmwenye wina ku boma tinatembenuza, mpaka lero ikugwira."

Poyamba ndinkaganiza kuti akundiseka. Koma munthu amene wavomereza kale kuti moto umaziziritsa alibenso pokanira kuti firiji imachira ikaima chadodolido. (Ndinadzamva patapita zaka kuti Che Amidu sananame, mafiriji a palafini amatembenuzidwadi. Kungoti anthu amayamba atulutsa zam'kati.)

"Tulutsani katundu," anatero Che Amidu.

"Ayi, chitseko ichi sichitsegulidwa. Chisanu chotsalacho chithawa."

"Mulinso chisanu mmenemu?"

"Buku likutero."

Che Amidu ankalemekeza mabuku. Tinamanga chitsekocho ndi linya, tinachotsa thanki ndi nyale, n'kuyamba kupendeketsa. M'katimo munamveka mapoto, mbale ndi ketulo zikugubuduka, kenako phokoso lina lofewa limene sindinafune kuliganizira. Firiji itaima chamutu, ndinaona envelopu ija itamatirira kuphazi lake. Che Amidu anaimatula, naifunyulula, ndipo m'katimo munatuluka makhadi awiri a chipani, langa ndi la Nangozo, atapindika kanayi, pakati pali chidindo cha phazi la firiji.

Masiku amenewo munthu ankatha kupita kosabwerako pa nkhani yochepa kuposa kupondetsa khadi la chipani ndi firiji. Thukuta linandituluka lozizira, ndipo chimenecho chinali chinthu chokhacho chozizira m'nyumbamo. Che Amidu anayang'ana makhadiwo, anayang'ana ine, anayang'ana kukhomo. Kenako anawaika m'thumba la malaya anga ndi dzanja lawo.

"Maso angawa akalamba, ambuje," anatero. "Siona zing'onozing'ono."

Anati mmwenye uja anaisiya tsiku limodzi, koma poti yanga inagona kwambiri, tiisiye masiku atatu. Tsiku lachitatu tinaiimika bwinobwino, mapoto n'kugubudukanso kubwerera kwawo. Ndinayatsa nyale. Ndinalemba kalata yachiwiri yopita ku Dedza yonena kuti masau akupitirira kukhala bwino. Sindinkaona ngati ndikunama, poti ndinali ndisanatsegule kuti ndione.

Patapita masiku angapo, pakona ya chitseko panayamba kudontha timadzi tofiirira. Ndinaganiza kuti mwina ndi chizindikiro choti ayisi wayamba kugwira ntchito. Kuti pansi pasachite matope, ndinang'amba kansungwi n'kukatchera pakonapo kuti timadzito tizitsetserekera m'botolo. Kenako kunabwera fungo. Poyamba linali lonunkhira ngati zipatso zakupsa, kenako linayamba kuluma m'mphuno, kenako linatuluka pawindo n'kukafika kumsewu. Mavu ndi ntchentche zinasamukira kwathu. Nthawi zina m'katimo munkamveka kubwata. Ine ndinkangowonjezera palafini, ndikudziuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano taganizani mmene zinkaonekera kwa munthu wodutsa. Bokosi lotsekedwa ndi linya. Kunsi kwake moto woyaka usana ndi usiku. Kumbuyo mapaipi. Kutsogolo kansungwi kakudonthezera m'botolo. Khoma lakuda ndi mwaye, ndi fungo la masau osasa. Dera lonselo aliyense ankadziwa kuti masau ndiwo amatcheza kachasu woopsa, kupatula ine amene ndinabadwira kumene kachasu amatcheza ndi gaga. Anthu opita ku mzikiti anayamba kudzera njira ina. Amayi amene kale ankapisa mitu m'firiji anasiya kundiyankha moni.

Lachisanu lina masana ndikuweruka kusukulu ndinapeza a tcheyamani a nthambi ya chipani atakhala pakhonde panga. Anali bambo wamtali wochokera ku Balaka, wogulitsa nsomba zouma, ndipo anabwera ndi Che Amidu ngati mboni. Anthu ena anaima patali pansi pa mtengo wa masau, umene tsopano unalibe ndi chipatso chimodzi chomwe.

"Aphunzitsi," anatero a tcheyamani, "anthu akudandaula. Boma linakutumizani kudzaphunzitsa ana, inu mwatsegula fakitale."

"Fakitale ya chiyani, a tcheyamani?"

"Tilowe."

Tinalowa. Anaima kutsogolo kwa firiji manja ali kumbuyo, kuyang'ana moto, mapaipi, nsungwi, botolo.

"Ichi n'chiyani?"

"Firiji. Yoziziritsira zinthu."

"Nanga motowu?"

"Ndi umene umaziziritsa."

"Moto."

"Eya."

"Inu ndinu mphunzitsi. Tafotokozani."

Ndinanena zina zokhudza mankhwala amene amagona ndi kudzuka, ndi chisanu chimene chimasefukira pansi. Ndikulankhula choncho ndinkadzimva ndekha, ndipo ndinayamba kukayika ngati masau ouma gwa aja ndinawaonadi kapena ndinalota. Mwina khukhi uja anandipusitsa. Mwina mzungu ankatchezeradi kachasu m'bokosimo, ine n'kugula fakitale osadziwa.

A tcheyamani anagwira chitseko. "Chikutentha ichi." Anawerama n'kutenga botolo lija, kulinunkhiza, kuliyang'ana padzuwa. Che Amidu anabwerera m'mbuyo, nati kwa iwo zimenezo ndi haramu. A tcheyamani anati kwa iwonso si zabwino, koma udindo ndi udindo. Anamwa pang'ono, kuchukucha m'kamwa, maso ali kudenga. Anamwanso kachiwiri kuti atsimikize. Kenako anathamangira pakhomo kukalavula.

"Ameneyu si kachasu," anatero akupukuta pakamwa ndi mpango. "Wotcheza chonchi kwathu angamuthamangitse m'mudzi. Tsegulani."

"A tcheyamani, chisanu chi..."

"Tsegulani."

Ndinadula linya. Chitseko chinadzikankha chokha. Zimene zinatuluka sindizifotokoza zonse chifukwa mwina mukuwerenga mukudya. Phala lathovu linakhuthukira pa nsapato za a tcheyamani, pambuyo pake ketulo, pambuyo pake chipewa changa chitamera ndevu zoyera. Anthu a pansi pa mtengo aja anamwazikana. Ine ndinangoima ndikuyang'ana m'kabokosi ka pamwamba kaja, ndikuyembekezabe kuti mwina umo mokha mwatsala kanthu. Munali njere zokhazokha zikusambira.

Ndinafotokoza zonse, kuyambira makina osokera mpaka mawu osamaliza a pa siteji. A tcheyamani anamvetsera akutsuka nsapato. Kenako anatuluka n'kuuza anthu kuti mlandu palibe, aphunzitsi si chigawenga kapena chidakwa, kungoti sukulu inawapitirira m'mutu. Ndinathokoza. (Ndi tsiku lokhalo m'moyo wanga limene ndinathokoza munthu ponditchula chitsiru pagulu.)

Mlandu wa boma unatha, koma wanga weniweni unali ukubwera pa basi. Sabata yomweyo inafika kalata yoti Nangozo wachira, mwana wamkazi, ndipo abwera mwezi ukatha. Kumapeto analembako kuti: ndikuyembekeza masau anga. Ndinayankha ndi kalata yachitatu, ndipo apa ndiye ndinanama ndikudziwa. Ndinati masau ali bwino, akupereka moni kwa mwana.

Firiji ndinaitsuka ndi phulusa ndi mandimu, ndinaiyatsa, ndinaitembenuzanso kawiri, koma inali itafa basi. Ndinapalasa njinga midzi yonse ya kumtunda kufunafuna mtengo wochedwa kupsa, koma nyengo inali itatha. Kutatsala tsiku limodzi kuti Nangozo afike, ndinameza manyazi n'kukaima pampanda.

"Mayi, masau ouma aja mungandigaireko pang'ono?"

"Achikale aja?" anafunsa a Abiti Jafali.

"Omwewo."

Ndinkayembekeza kuti andizunguza kaye, koma analowa m'nyumba n'kutuluka ndi lichero lodzaza, osafunsa chilichonse. Ndinadabwa pang'ono, koma wogwira njakata safunsa kuti chingwe chachokera kuti.

Nzeru yanga inali iyi: sau louma ndi sau laliwisi limene lataya madzi, ndiye ukalibwezera madziwo liyenera kubwerera mwakale. Ndinawaviika m'madzi mpaka anafufuma, ngakhale makwinya sanathe onse. M'mawa wa tsiku lofika, ndinakapempha chibuma cha ayisi kwa ogulitsa chambo amene ankadikira lole pamsewu. Ndinachiswa, kusakaniza ndi masau aja m'kabokosi, kutseka chitseko, n'kuyatsa nyale kunsi kuti zioneke zenizeni. Kenako ndinathamangira ku siteji.

Mwanayo nditamunyamula ndinaiwala firiji, masau ndi a tcheyamani omwe. Anali ndi mphuno ya mayi ake ndi tizala tonga nyemba, ndipo ndinalira pa siteji pomwepo anthu akuona. Nangozo anali wonenepa, wosangalala, akundilankhula ngati kale. Koma titangolowa m'nyumba anayang'ana khoma lamwaye lija, kenako firiji, n'kukhala pampando.

"Bambo a mwana, masau anga."

Ndinatsegula chitseko mwaulemu, ndinatapa masau m'mbale n'kumupatsa ndi manja awiri, madzi a ayisi akundidonthera m'zigongono. Anatola limodzi, naliyang'ana mbali zonse, naliika m'kamwa. Anatafuna pang'onopang'ono, nalavulira njere m'dzanja.

"Ngozizira," anatero.

"Ndinakuuzani."

"Kodi masau akakhalitsa m'firiji amachita makwinya?"

"Buku likuti pang'ono."

"Nanga kununkha chambo, bukulo likuti bwanji?"

Nthawi yomweyo kunja kunamveka odi. Anali a Abiti Jafali, atabwera kudzaona mwana, pamutu atasenza thumba. Thumbalo ndinalizindikira msanga. Linali lathu la ufa, limene Nangozo analisoka chigamba ndi nsalu ya diresi lake lakale, ndipo ndinali nditalifunafuna miyezi yonseyi.

"Mwanangu, katundu wako uyu," anatero akulitsitsa. "Ndinkatola m'mawa uliwonse aphunzitsi akapita kusukulu, monga unanenera. Lichero limodzi lokha ndi limene ndinawapatsa dzulo."

Nangozo anathokoza, nawapatsa mwana. Ine ndinayang'ana mbale imene inali m'manja mwanga. Ndiye kuti asanakwere basi ija anali atapangana kale ndi a Abiti Jafali kuti amuyanikire masau a mtengo womwewo. Ndiye kuti masau amene ndinaviika, kuwathira ayisi wa nsomba n'kumupatsa ndi manja awiri anali ake omwe.

Mayiwo atapita, ndinafunsa ndi mawu otsika. "Ndiye munkadziwa kuti ndilephera?"

"Zoti mulephera ndinadziwa tsiku lomwe ngolo inafika," anatero akuyamwitsa mwana. "Za a tcheyamani ndinamva kwa wogulitsa usipa pa msika wa ku Dedza, anthu akuseka osadziwa kuti mphunzitsi wakeyo ndi mwamuna wanga. Zimenezo sizinandipweteke, ndinaseka nawo. Chimene ndinkadikira ndi kalata imodzi yoti, Nangozo, zandikanika. Ndinalandira zitatu."

Anapisa m'chikwama cha matewera n'kuzitulutsa, zitatu zonse, naziika pamwamba pa firiji. Ayisi anali akusungunuka m'katimo, madzi akudontha pakona ija. Manyazi amene ndinamva pamaso pa a tcheyamani ndi anthu onse aja anali masewera poyerekeza ndi awa. Ndinagwada n'kuzimitsa nyale.

"Nangozo, zandikanika," ndinatero.

"Mwachedwa nayo, koma yafika," anayankha. "Tsukani mbaleyo mundipatse ouma."

Za makina osokera anali ndi ufulu wozitchula moyo wake wonse, koma anazitchula kamodzi kokha, ndipo ndinagulitsa njinga. Kwa chaka chathunthu ndinkayenda wapansi, ndipo a tcheyamani akandidutsa pa njinga yawo ankaliza belu n'kufunsa ngati moto ukuziziritsabe.

Firijiyo tinasamuka nayo ku masukulu anayi. Chitseko chake chimatseka bwino kotero kuti khoswe kapena nyerere sizilowa, ndiye Nangozo amasungamo ufa, shuga, ulusi wa makina, ndi masau ouma amene amaitanitsa ku Mangochi chaka chilichonse. Amakhaladi chaka chathunthu osawonongeka, monga ndinanenera tsiku loyamba, koma ndikati ndikumbutse zimenezo amatsegula kabokosi ka pamwamba kaja, mmene amasungamo makalata atatu aja, ndipo ine ndimatuluka kukaona nkhuku.

Ndili kukholako nthawi zina ndimaganiza kuti Che Amidu anafulumira. Tikanaisiya chamutu masiku anayi, mwina mankhwala aja akanadzuka.